Mvula siimva wailesi, nanga kalabu yathu ndi yachiyani?

Funso lachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Phalombe, amene amatsogolera kalabu yomvera wailesi m'mudzi mwawo. Iwo alemba kuti: "Pa 13 Febuluwale mawailesi amakondwerera tsiku lawo, ndipo mu 2025 mutu wake unali wa wailesi ndi kusintha kwa nyengo. Ndifunse mosabisa: wailesi ingachite chiyani pa nkhani yaikulu chonchi? Mvula siimva wailesi. Achinyamata ali pa WhatsApp, ndipo kalabu yathu yatsala ndi anthu owerengeka. Tipitirize kapena tingoitseka?"

Aphunzitsi, musaitseke. Koma musapitirizenso monga mwakhala mukuchitira, ngati zimene mumachita ndi kukhala pansi pa mtengo, kumvera pulogalamu mpaka kutha, kuwomba m'manja, aliyense n'kubwerera kwawo. Ndagwira ntchito yokonza mapulogalamu a zaulimi kwa zaka zambiri, ndipo makalabu amene ndawaona akufa anafa imfa imeneyi.

Za tsikulo ndinene mwachidule. Bungwe la UNESCO linalikhazikitsa mu 2011 potsatira pempho lochokera ku Spain, ndipo anasankha 13 Febuluwale chifukwa ndi tsiku limene wailesi ya United Nations inayamba mu 1946. Chimene chimandikhudza ine ndi chaka chimenecho. Mu Disembala 1946 Napolo anatsika m'phiri la Zomba, kukokolola milatho ndi nyumba, anthu n'kufa. M'midzi munalibe wailesi yoti ichenjeze munthu. Wailesi yotsika mtengo yoyendera batire, ija ankaitcha Saucepan Special chifukwa inkaoneka ngati poto, inayamba kugulitsidwa mu 1949, ndipo anthu a ku Nyasaland ankamvera Chinyanja kuchokera ku Lusaka. MBC inabwera mu 1964. Inu a ku Phalombe muli ndi Napolo wanu wa mu Malichi 1991, amene anatsika m'phiri la Michesi. Nthawi imeneyo wailesi inalipo, koma inali imodzi yokha dziko lonse, ili ku Blantyre, ndipo ambiri anamvapo za tsokalo litachitika kale. Lero mawailesi ndi ambirimbiri, akumudzi ndi amipingo omwe. Funso limene ine ndimadzifunsa ndi lakuti: kodi kuchuluka kumeneku kwatithandiza kumva za madzi asanafike pakhomo?

Pa za mafoni simukunama. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi nyumba imodzi yokha mwa zitatu inali ndi wailesi, pamene nyumba zoposa theka zinali ndi foni ya m'manja. Koma kalembera yemweyo anaonetsanso kuti nyumba zokhala ndi intaneti sizinkakwana imodzi mwa zisanu. Ndiye pitani pa chigayo kapena pa siteji ya akabaza muone. Mnyamata ali ndi kafoni ka mabatani, wabaya mahedifoni, chingwe chakulunga pa chala. Sakumvera nyimbo za pa memori, akumvera FM, ndipo chingwecho ndiye mlongoti wake. Safuna bandulo, safuna mayunitsi. Wailesi sinafe, inangosamukira m'thumba.

Ubwino wake weniweni umaoneka tsiku loipa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130, ndipo panatenga nthawi yoposa chaka kuti akonzedwe. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy, amene anayambira pafupi ndi Australia n'kukhala masiku 36 asanathe mphamvu, analowanso kumtunda cha ku Quelimane ku Mozambique n'kudzatsanulira madzi ake kuno kummwera. Zimene zinachitika ku Chilobwe, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi kwanuko simufuna kuti ndikuuzeni ine. Omwalira pamodzi ndi osowa anapitirira 1,000, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala. Magetsi anazima, mapolo anagwa, misewu inaduka, mafoni ambiri anathera moto tsiku lachiwiri. Foni yamakono imafuna kutchaja tsiku ndi tsiku komanso netiweki. Kawailesi ka mabatire awiri a tochi kamalira masabata, ndipo akafooka agogo amawayanika padzuwa kuti akankhireko tsiku lina. Mlongoti umodzi ukakhala moyo, umalankhula ndi boma lonse nthawi imodzi, wodziwa kuwerenga ndi wosadziwa yemwe.

Koma apa ndi pamene ndimasiyana ndi anzanga amene pa 13 Febuluwale amangodula keke n'kudzitama. Kufika kwa mawu m'khutu sikutanthauza kuti munthu wathandizidwa. Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine.

Chaka china, kumayambiriro kwa dzinja, ndinawerenga pa wailesi ulosi wa mvula ya chaka chimenecho. Ndinaumasulira bwinobwino kuchokera pa pepala la Chingerezi, liwu ndi liwu, ndipo ndinadzimva kuti ndagwira ntchito. Ndinanena kuti zigawo zina zidzalandira mvula yapakatikati mpaka yocheperapo, ndinatchula mamilimita, ndinatchula El Niño, kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumasokoneza mvula. Patapita masiku ndinakacheza ndi kalabu ina ngati yanuyi. Tinamvera limodzi pulogalamu yomwe ija pa kawailesi kopachika pa nthambi ya mango. Itatha, mayi wina wachikulire, amene nthawi yonseyi ankasenda nandolo m'lichero osadzutsa mutu, anafunsa kuti: "Ndiye mwati tibzale kapena tisabzale?" Ndinayamba kufotokoza za mamilimita. Anandidula: "Bambo, ine mbewu ndili nayo paketi imodzi. Ndikaiika pansi n'kupsa, ina ndiitenga kuti?" Ndinalibe yankho. Mphindi 30 za pulogalamu yanga zinalibe liwu limodzi loti mayiyo agwiritse ntchito m'mawa mwake.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasintha kakonzedwe. Ulosi wochokera ku Dipatimenti yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo ndi ufa chabe. Ntchito ya wailesi ndi kuphika nsima. Akanena kuti kudera kwanu mvula ikhoza kuchedwa ndi kudukiza, pulogalamu iyenera kufika pa mafunso a kumunda. Kodi mvula yoyamba ija, chizimalupsa, ndi yobzalira kapena tidikire kuti nthaka inyowe mpaka kuya kwa chikhatho? Kodi chimanga chikhale chocha msanga? Kodi munda wonse ukhale chimanga, kapena mbali ina ipite ku mapira, nandolo, mbatata ndi chinangwa? Ng'amba ikagwa chimanga chili m'mawondo, wophimbira nthaka ndi mapesi amapulumuka masiku angati kuposa amene anatentha mapesi ake mu Seputembala posaka mbewa? Mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinatifika cha mu 2016 ndi 2017, zimaoneka bwanji zikadali zazing'ono mu nsonga ya chimanga? Mayankho a mafunso awa sali ndi muulutsi. Ali ndi mlangizi wa zaulimi wa dera lanulo, ndiponso ali ndi alimi ena amene anayesa kale. Muulutsi wabwino amanyamula chojambulira mawu n'kupita kumunda. Bungwe la Farm Radio Trust lakhala likulimbikitsa kakonzedwe kotere kuno kwathu, ndipo maziko ake ndi akale: George Atkins, muulutsi wa ku Canada amene anayambitsa ntchito ya mtundu umenewu mu 1979, anaona kuti mawailesi a m'maiko osauka ankauza alimi a khasu za mathirakitala ndi mankhwala amene sakanatha kugula.

Chinanso chimene timalakwitsa ndi kulankhula ngati Malawi yense ali ndi thambo limodzi. Kumbukirani 2024. Mu Malichi Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Chaka chomwecho mtsinje wa Dwangwa unasefukira ku Nkhotakota, ndipo nyanja ya Malawi inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi. Wina chimanga chikupsa, wina madzi ali m'khonde. Wailesi ya dziko lonse singathe kunena zonsezi mwatsatanetsatane mu mphindi zitatu za zanyengo pakutha pa nkhani. Apa ndi pamene mawailesi akumudzi amaposa akuluakulu. Wailesi ya Dzimwe ku Mangochi ikachenjeza za mphepo ya Mwera, ikulankhula ndi msodzi amene bwato lake lili pa mchenga ndipo akuganiza zolowa m'madzi madzulo omwewo. Wailesi ya Chanco ku Zomba inakhazikitsidwa poganizira za anthu ozungulira nyanja ya Chilwa, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995 ndipo inatsala pang'ono kuphweratu mu 2018. Ku Nsanje chenjezo liyenera kumveka m'Chisena, ndipo litchule Ruo ndi Shire ndi Makhanga, osati "madera otsika a chigawo cha kummwera". Kutsidya kwa malire, Breeze FM ya ku Chipata imalankhula ndi alimi a kum'mawa kwa Zambia m'Chinyanja chomwechi.

Chenjezo la madzi osefukira lili ndi kapangidwe kake, ndipo ndimafuna kalabu iliyonse idziwe kuti izitha kudzudzula wailesi yake ikalakwitsa. Liyenera kunena malo ndi maina amene anthu amawadziwa: mtsinje wakuti, kwa mfumu yakuti, mudzi wa m'munsi mwa phiri lakuti. Linene nthawi: usiku uno, kapena mawa kusanache. Linene chochita, ndipo chochitacho chikhale chotheka. Kuuza anthu kuti "samukirani kumalo okwera" ndi theka la uthenga. Kumalo okwera kuti? Ku sukulu iti, ku tchalitchi chiti, kudzera njira iti popeza mlatho uja umamira? Mbuzi tizitani? Anthu ambiri amene amakana kusamuka si ouma mutu ayi. Amaopa kuti akabwerera apeza ufa, mbuzi ndi malata zitabedwa. Wailesi ikanena kuti komiti yoona za ngozi m'mudzi yasankha anyamata olondera, mwayi woti anthu anyamuke umakula. Ndipo linene amene wanena: a zanyengo, a DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), bwanamkubwa. Libwerezedwe mpaka omvera atope nalo.

Vuto lina ndi usiku. Matope a ku Chilobwe anatsika anthu ali m'tulo. Mawailesi ang'onoang'ono ambiri ikakwana nthawi yogona amasiya kompyuta ikuimba nyimbo, muulutsi n'kupita kunyumba. Ine ndinagwirapo pa wailesi ina imene usiku wa mvula yoopsa magetsi atazima tinapeza jenereta ilibe dontho la mafuta, chifukwa ndalama yake inapita ku zina. Tinakhala mu mdima ndi uthenga m'manja, wopanda poutulutsira, tikumva mvula ikuwomba malata. Sindiiwala. Ndiye pa 13 Febuluwale, m'malo mwa keke, ndikanakonda wailesi iliyonse ikanatsegula thanki ya jenereta n'kuyang'anamo. Tsikuli limagwa pakati penipeni pa nyengo ya anamondwe: Ana anabwera mu Januwale, Idai wa 2019, Gombe wa 2022 ndi Freddy onse anabwera mu Malichi.

Tsopano pa nkhani ya kusintha kwa nyengo yeniyeniyo, pali bodza laling'ono limene mawailesi athu amalibwereza ndi mtima wabwino, ndipo inu monga mphunzitsi mulikane. Timamva kuti "nyengo yasintha chifukwa tadula mitengo", ngati kuti wootcha makala wa ku Neno ndi amene anaitana Freddy. Nkhani ndi ziwiri, ndipo ziyenera kulekanitsidwa. Dziko lapansi likutentha makamaka chifukwa cha utsi wa malasha, petulo, dizilo ndi gasi umene maiko a mafakitale akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 150. Gawo la Malawi pa utsi umenewo ndi lochepetsetsa. Nyanja zikuluzikulu zikatentha, anamondwe amapeza mphamvu, ndipo mpweya wofunda umanyamula chinyezi chochuluka, pafupifupi 7 peresenti pa digiri iliyonse, choncho mvula ikagwa imagwa yambiri nthawi imodzi. Imeneyo ndi nkhani yoyamba, ndipo ndi chifukwa chake pa msonkhano wa maiko wokambirana za kusintha kwa nyengo wa COP27 ku Sharm el-Sheikh ku Egypt mu 2022 maiko osauka analimbikira kuti pakhale thumba la ndalama zolipirira zoonongeka. Nkhani yachiwiri ndi yathu: mvula yoopsayo ikagwa pa phiri lometedwa mpala, pa mtsinje wolimidwa mpaka m'mphepete, pa nyumba zomangidwa m'njira ya madzi, kuonongeka kumachuluka. Mitengo ya pa phiri la Soche, kumtunda kwa Chilobwe, sikanabweza Freddy, koma ikanathandiza kugwira nthaka. Wailesi ikasakaniza ziwirizi, wosauka amasenza mlandu wa dziko lonse lapansi, ndipo tsiku lina akabzala mitengo namondwe n'kubwerabe, amati wailesi inanama. El Niño nayenso si mwana wa kusintha kwa nyengo. Ndi kutentha kwa madzi a nyanja ya Pacific kumene kumabwera pakapita zaka zingapo kuyambira kalekale, kungoti masiku ano kumapeza dziko litatentha kale.

Mawu akuti "wailesi inanama" ndi amene ndimawaopa kuposa china chilichonse. Chuma chonse cha wailesi ndi chikhulupiriro. Pa WhatsApp uthenga umabwera wopanda mwini: chithunzi cha madzi a dziko lina, mawu ojambulidwa a munthu wosadziwika akuti damu laphulika. Pa wailesi pali liwu limene anthu alimva zaka khumi, munthu amene amakumana naye pa msika ndi pa maliro. Koma ulosi wa nyengo ndi wa mwina, ndipo nthawi zina namondwe amakhota kapena kufooka asanafike. Zikatero muulutsi asangokhala chete ngati sananene kanthu. Abwerere pa wailesi, aitane wa zanyengo, afotokoze chimene chachitika, athokoze amene anasamuka. Akapanda kutero, ulendo wotsatira anthu adzagona m'nyumba zawo. Komanso tisanyoze zizindikiro za makolo. Akuluakulu akanena za kayendedwe ka nyerere, kaphukidwe ka mitengo kapena mbali imene mphepo ikuchokera, aikeni pa pulogalamu limodzi ndi wa zanyengo, akambirane. Kawirikawiri akuluakuluwo ndi amene amayamba kunena okha kuti zizindikiro zina masiku ano zikuphonya, ndipo umboni wa kusintha kwa nyengo wochokera pakamwa pa gogo wa m'mudzi umamveka kuposa wa mlendo wa tayi.

Pali zofooka zina zimene ndingozitchula podutsa. Mapulogalamu ambiri a zanyengo amayenda ndi ndalama za mabungwe, ndipo pulojekiti ikatha pulogalamu imatha nayo, ngakhale mvula ikadali kugwa. Nthawi zina pulogalamu yolangiza kasinthasintha wa mbewu imadulidwa pakati ndi malonda a mbewu ya chimanga, mlimi n'kusokonezeka kuti langizo ndi liti, malonda ndi ati. Ndipo m'nyumba zambiri wailesi ndi ya abambo: amaimangirira pa handulo ya njinga n'kupita nayo, pamene amene amagwira khasu kwambiri, ndiponso amene adzabereke mwana kumbuyo pothawa madzi, ndi amayi.

Chomalizachi ndi chimene chimandipangitsa kunena kuti kalabu yanu ikufunika. Kalabu ndi pamene mayi wopanda wailesi amamvera. Ndi pamene uthenga wa boma lonse umasanduka wa mudzi umodzi. Anthu owerengeka amene mwatsala nawowo ndi okwanira, bola ntchito yawo isinthe. Pulogalamu ikatha, funso likhale limodzi: sabata ino tichita chiyani? Wina alembe m'kope zimene mwagwirizana ndi mafunso amene asowa mayankho, ndipo mafunsowo muwatumize ku wailesi, pa foni kapena pa uthenga. Aulutsi amasowa mawu a kumudzi kuposa mmene mukuganizira, ndipo anthu akamva dzina la mudzi wawo pa wailesi, sabata yotsatira pansi pa mtengo pamadzaza.

Achinyamata a pa WhatsApp aja musalimbane nawo, apatseni ntchito. Mmodzi akhale wojambula mawu a alimi pa foni yake n'kutumiza ku wailesi. Wina, chenjezo likamveka, alijambule n'kulimwaza m'magulu awo, kuti chimene chikuzungulira m'mafoni chikhale chochokera kwa a zanyengo osati mphekesera. Pa sukulu panu ikani choyezera mvula, ngakhale cha botolo lodula bwino ndi rula, ana a Sitandade 7 azilemba m'mawa uliwonse. Pakatha zaka zitatu mudzakhala ndi mbiri ya mvula ya mudzi wanu, ndipo ana amenewo akamva "mamilimita 50" pa wailesi adzadziwa kuti ndi madzi ofika pati m'botolo ndiponso kuti mtsinje wanu umatani ikagwa yotere.

Kenako lumikizanani ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi ndi a mfumu. Wailesi imafika kwa amene ali maso ndipo watsegula; ogona amadzutsidwa ndi wenzulo, ng'oma, belu la tchalitchi kapena chimkuzamawu cha ku mzikiti. Gwirizanani kulira kwake kusanachitike kanthu, kuti anthu asadzayese ndi maliro kapena akuba. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, a zanyengo akalengeza kuti kukubwera namondwe, pakhale anthu awiri a kalabu ogona ndi wailesi kumutu mosinthana, wina wa kumtunda kwa mtsinje, wina wa kumunsi, aliyense ali ndi nambala ya mnzake. Mabatire awiri atsopano muwasunge m'pepala la pulasitiki kwa msungichuma, ndipo asatulutsidwe pomvera mpira, ngakhale Flames ikusewera.